Tinapempha Khonje, Kunabwera Waya

Chifunda, 9 Okutobala 2022

Akulu anga a Cyprian,

Moni wochokera kuno kuchigwa. Muli bwanji ku Lusaka, inu ndi alamu anga ndi ana? Ife tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala likutiwotcha ngati tinalilakwira. Aphwanu Irene ndi Jenny akupereka moni kwa amalume awo.

Musadabwe kuona kalata m'malo mwa foni. Foni ija munkatiimbirapo inali ya kuntchito kwa alamu anu a Ackim, ndipo inabwerera kwa eni ake pamodzi ndi yunifomu. Nkhani yake ndi yomweyo, ntchito yatha. Kampani ya safari imene inkalipira masikauti a nyama kuno inalongedza mu Ogasiti, ndipo pa anthu khumi ndi awiri anasiyapo asanu okha. Atate ake Irene sanali m'gulu la otsalawo. Zaka khumi ndi chimodzi akugona m'thengo, kulumidwa ndi kashembe, kuthamangitsana ndi opha nyama, mapeto ake anawagwira chanza n'kuwapatsa chipepala chowayamikira.

Munthu uja mumamudziwa, sadandaula pakamwa. Amadzukabe m'mamawa, kusamba, kuvala bwinobwino, kenaka n'kuima pakhomo ngati akudikira basi. Sabata yoyamba ndinkawaseka. Manje sindiseka, zimandimvetsa chisoni.

Choipa n'chakuti mudzi wonse wakondwa. Pano palibe khomo limene alamu anu sanagwirepo munthu, ngati si mwana ndiye mkamwini. Amayi Damaris oyandikana nafe, amene amuna awo anakhalako kundende chifukwa cha njati, anandipeza pamjigo n'kunena kuti, "Anyina Irene, tamva kuti njovu zawachotsa ntchito abusa awo. Sizinawaperekeze n'komwe?" Azimayi onse anaseka mpaka kutaya madzi. Inenso ndinaseka nawo, nanga ndikanatani? Ena akubetcherana kuti Khisimisi isanafike a Ackim ayamba kutchera misampha ngati anzawo ena amene ntchito inawathera. Ine ndimawauza kuti m'nyumba mwanga simunalowepo nyama ya msampha ndipo simudzalowa. Mbiri imeneyo ndiye chuma chokha chimene tatsala nacho.

Koma sitinangokhala manja lende. Kuntchito kuja anaphunzira kumanga mpanda wa tsabola wothamangitsira njovu. Mumazika mitengo kuzungulira munda, n'kumangapo zingwe za khonje, n'kuzipaka tsabola wosinja wosakaniza ndi oyilo wakutha wa galimoto. Mumapachikaponso sanza zonyika momwemo. Njovu ikangonunkhiza imabwerera, chitamba chake sichipirira. Iwo akuti azimangira anthu mipanda imeneyi, eni minda azitipatsa chimanga pokolola. Mabanja anayi avomera kale, ngakhale avomera monyinyirika. Tsabola tinadzala kudimba ndipo wayamba kufiira. Oyilo atilonjeza a Robson, oyendetsa lole amene akupatseni kalatayi. Chosowa ndi khonje basi. Kuno kulibe, ku boma ku Chama ndinafunsitsa, kulibenso.

Ndiye ndati ndikugwadireni inu, poti mumagwira ntchito m'sitolo ya zomangira. Tithandizeni zingwe za khonje, mikukutu imene mungakwanitse, zifike mvula isanatseke msewu. Sindikubisirani, ife tinkadalira malipiro, munda wathu ndi waung'ono, ndipo chimanga chili m'nkhokwe sichiona chaka chatsopano. Alamu anu sakudziwa kuti ndakulemberani. Akanadziwa akanati tisavutitse anthu.

Mundiyankhe kudzera mwa a Robson omwewa.

Ndine mlongo wanu,
Tamala


Chawama, Lusaka, 12 Novembala 2022

Mlongo wanga Tamala,

Moni kwa iwe, kwa alamu ndi kwa tiakazi tanga tiwiri. Kuno tonse tili bwino, kupatula thumba. Kalata yako ndinailandira ndipo ndinaiwerenga kawiri, kachiwiri mokweza kuti alamu ako amve mmene azimayi a kwathu amalasira ndi pakamwa.

Za ntchito pepani kwambiri. Koma iwe Tamala, n'chifukwa chiyani unadikira miyezi iwiri osandiuza? Ine ndine mlendo? Uwauze alamu kuti asaime pakhomo, basi ya kumeneko sibwera. Ngati akufuna abwere kuno, ntchito za ulonda zimapezeka, ndipo munthu amene ankalondera njovu sangalephere kulondera geti ya mwenye. Ndikuseka chabe, usawawerengere pamenepa.

Manje tikambe za mpanda. Ganizolo ndi labwino, ndalikonda. Koma khonje? Mlongo wanga, m'chaka chino? Ine zomangira ndimazigwira tsiku ndi tsiku, ndikudziwa zimene ndikunena. Khonje limaola ndi mvula imodzi, chiswe chimalidya, chaka chamawa udzandilemberanso kalata yomweyi. Ndinati mlamu wanga sangayambe bizinesi ndi zinthu za agogo, anthu angamuseke kawiri. Ndiye ndakutumizira chinthu choposa chimene unapempha, mkukutu wathunthu wa waya wolimba, wosachita dzimbiri, uja amamangira mafamu a azungu ku Chisamba. Ameneyo adzatha iwe utakalamba.

Usaganize kuti ndatola pansi. Ndinakambirana ndi abwana kuti chaka chino asandipatse kanthu ka Khisimisi, andipatse wayayo. Alamu ako anakwiya masiku awiri, koma ndinawauza kuti chibale n'fupa sichiola. Ndamukulunga m'masaka kuti asakalakale katundu wa anthu m'lole.

Ukalandira undiuze mmene alamu asangalalire. Ndipo mipanda ikayamba kulipira musandiiwale, ine mpunga wa ku Chama ndinaulawa kalekale.

Ndine mkulu wako,
Cyprian


Chifunda, 27 Novembala 2022

Akulu,

Moni. Tili moyo. Ndikhulupirira inunso muli bwino.

Katundu wafika. Ndayamba kalatayi katatu n'kung'amba, chifukwa sindikufuna muone ngati ndine wosayamika. Ndikudziwa mwadzimana, ndikudziwa mwachita ndi mtima woyera. Koma akulu anga, munachoka kuno muli ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mwaiwala kumene munabadwira.

Lole inafika Lachisanu masana, tsiku la msika, anthu ali mbwee. Potsitsa, saka linakodwa pa chitsulo n'kung'ambika, mkukutu uja n'kugubuduka mpaka pakati pa anthu, ukunyezimira padzuwa. A Robson anawerenga dzina mokweza kuti, "Katundu wa a Ackim!" Msika wonse unacheuka. Kenaka wina kumbuyo anaimba mluzu, amayi Damaris n'kuwomba m'manja. "Ehe, Khisimisi yafika msanga chaka chino," anatero. "Anyina Irene, mutisungireko mwendo."

Kwanuko waya ndi wa mpanda. Kuno waya ndi msampha, palibenso china. Amene munatumizayo ndiye weniweni amene otchera amamulota, wofewa popinda, wosaduka ngakhale itakodwa njati. Anthu amagwidwa chifukwa cha kachidutswa kotalika ngati mkono, nanga mkukutu wathunthu m'nyumba ya munthu wodziwa njira iliyonse ya nyama? Ndipo pampanda sangagwire ntchito. Khonje limamwa oyilo ndi tsabola n'kusunga fungo, pa waya zimangotsetsereka. Ngakhale akanagwira, mutamumanga kumunda lero, mawa mupeza mitengo yokha, waya yense ali m'thengo pakhosi pa nyama.

Alamu anu anamunyamula paphewa, kudutsa pakati pa anthu onse aja. Titafika kunyumba anandifunsa kuti, "Ndani anapempha ichi?" Ndinaulula za kalata ija. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Tinapempha a Robson kuti abwerere naye, anakana. Akuti akanadziwa zimene zinali m'masakamo sakananyamula, lole si yawo. Atate ake Irene anati ndiye akamupereke kukampu kwa a Meshack, mnzawo wakale amene manje ndiye mkulu wa masikauti otsala, alembedwe m'buku kuti anabwera molakwika. Ine ndinawagwira mwendo. Ndinati chinthu chimene mkulu wanga wadzimana nacho Khisimisi tikangochipereka chabe? Tisunge, tikapeza mpata tikagulitse kwa omanga nyumba ku boma, tigule khonje. Tinakangana mpaka iwo anatopa. Tamukwirira pansi pa nkhokwe.

Pa mabanja anayi aja, atatu abwerera. Akuti sakufuna masikauti azizungulira minda yawo chifukwa cha ife. Latsala limodzi, la agogo ena osaona bwino. Alamu anu ayesa kupota luzi la mlambe m'malo mwa khonje, manja achita matuza, koma sabata yonse apota chingwe chosakwana mbali imodzi ya munda.

Za ulonda ndinawauza. Akuti munthu sasiya ana pakamwa pa njovu nthawi ya dzinja. Mvula yayamba, tadzala. Ngati pali njira iliyonse, khonje lija tikulifunabe, ngakhale mikukutu iwiri yokha. Musakwiye nane.

Tamala


Chawama, 14 Disembala 2022

Tamala,

Moni. Tilipo.

Kalata yako ndaiona. Sindinadziwe kuti kuthandiza m'bale ndi mlandu. Ana anga chaka chino adya Khisimisi ya repu chifukwa cha waya amene iwe wamukwirira pansi ngati mphaka wakufa. Alamu ako akungondiyang'ana, sakunena kanthu, koma ndikumva zimene akunena.

Ukuti ndaiwala kwathu. Mwina n'zoona. Koma inunso kumeneko mwazolowera kuopa anthu. Amayi Damaris ndi ndani? Amakudyetsa? Munthu wosalakwa saopa miluzu ya pamsika. Ngati alamu ali oyera monga unenera, waya angawadetse bwanji?

Khonje pakadali pano sindingathe, kwa abwana ndinapempha kale kamodzi. Tione mu Januwale. Upereke moni kwa ana.

Cyprian


Chifunda, 21 Febuluwale 2023

Akulu anga,

Moni, ngati mukulandirabe moni wanga. Muli bwanji? Kalata yanu ya Disembala yandipeza dzana. Inagona ku boma miyezi iwiri chifukwa mitsinje inadzaza, lole sizikubwera, ndipo yachita kubwera ndi mphunzitsi wina amene anawoloka njinga ili pamutu. Iyinso ibwerera ndi yemweyo. Miyezi yonseyi ndinkati mwangokhala chete chifukwa chokwiya. Nditawerenga ndinaona kuti bola kukhala chete kuja.

Sindikuyankhani za kuopa anthu. Ndingokuuzani mmene tilili.

Nkhokwe inatha sabata ya Khisimisi. Januwale tinadya mango aawisi ophika, atatha tinayamba nkhwani zopanda nsima. Alamu anu anayenda wapansi mpaka ku boma, masiku atatu, kukafuna ntchito iliyonse, ya ulonda, yonyamula matumba, yokumba zimbudzi. Kulikonse amawauza kuti asiye nambala ya foni. Anabwerako miyendo itatupa, m'thumba muli kapaketi ka mchere.

Ganyu kuno alipo kwa amene ali ndi abale. Ine ndinapita kukapempha kupalira kwa amayi Damaris, ndinameza manyazi onse. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Pamene amuna anga anali kundende, ana anga anadya chiyani? Munabwera kudzafunsa? Pitani mukapalire kwa njovu, ndiwo abale anu." Ndipo n'zoona, sindinapiteko kukafunsa.

Abale athuwo anabweradi. Sabata yatha, chimanga chitangoyamba kukhwima, zinalowa njovu zisanu ndi kamwana. Zinalambalala mbali ija ya luzi la mlambe, mpanda unagwiradi ntchito, n'kulowera mbali zitatu zopanda kanthu. Tinaimba zitini mpaka manja kuchita dzanzi. Pochoka zinatisiyira mapesi ndi ndowe. Atate ake Irene anaima pakati pa munda n'kuyamba kundiuza kuti yaikulu ija amaidziwa, ndi ija anaichotsa msampha kumwendo zaka zinayi zapitazo, akuti onani ikutsimphinabe pang'ono. Ankanena ngati akunena za mwana wawo amene wapambana mayeso. Akulu, ndinafuna kuwatema ndi khasu.

Jenny sali bwino. Tsitsi lafiira, mapazi akutupa, sakuseweranso. Kuchipatala chaching'ono anati mwanayu sakudwala matenda, akufunika chakudya cholimbitsa thupi, nyama, mazira, nsomba. Ndinaseka pamaso pa anesi, iwo anaganiza kuti ndapenga. Irene amapitabe kusukulu, koma akuti m'kalasi amangoona mdima.

Lamulungu lapitali munthu wina anatimvera chisoni, anabwera mobisa ndi kachidutswa ka nyama yowamba m'nsalu. Alamu anu anakanunkhiza, anati iyi ndi mbawala, n'kumubwezera mwaulemu. Jenny akuona. Munthu atapita ndinawauza mawu amene sindinawauzepo chikwatiranireni. Ndinati ulemu wanuwo muuphike tione ngati mwana akhute. Iwo anangoti, "Ndikalandira lero, ndiye kuti onse amene ndinawagwira ndinawalakwira." Kenaka anatenga mbedza n'kupita kumtsinje, kumene ng'ona zachuluka kuposa nsomba.

Ndimawakonda bambo amenewa, Mulungu akudziwa. Koma masiku ano ndikawayang'ana ndimamva ukali wokhawokha. Khonje musavutike nalo, palibenso choti titchingire. Ngati muli ndi kaufa kapena kapenta, tumizani msewu ukatseguka.

Mlongo wanu,
Tamala


Chama, 13 Malichi 2023

Alamu a Cyprian,

Ndikupereka moni kwa inu ndi banja lonse. Ndine Ackim. Aka n'koyamba kukulemberani, ndipo pepani kuti ndikulemba ndili m'chitokosi cha apolisi. Pepala ndi cholembera andibwereka, ndiye ndifupikitsa.

Pa 8 Malichi m'mawa masikauti anafika pakhomo panga ku Chifunda. Anapeza misampha itatu ya waya pakhonde, nyama ya nswala m'nyumba, ndi waya wotsala pansi pa nkhokwe. Ananditenga mwaulemu, palibe amene anandimenya. Anagwira ntchito yawo mmene ndinawaphunzitsira. Mlandu ndauvomera kupolisi ndipo ndikauvomeranso kukhoti.

Ndikudziwa kuti mudzadziimba mlandu chifukwa cha waya. Musatero. Munatumiza ndi mtima wabwino, ndipo sindinakuthokozeni nthawi ija, ndiye ndikuthokoza lero.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, mlongo wanu ndi ana alibe chakudya, wamng'ono akufunika thandizo msanga. Chachiwiri, mayi wa ana musamuvutitse ndi mafunso. Watopa kale.

Irene ali mu giredi sikisi ndipo mutu wake ndi wabwino. Ngati n'kotheka asasiye sukulu.

Ine mlamu wanu,
Ackim


Chawama, 26 Malichi 2023

Tamala mlongo wanga,

Moni. Kaya ndifunse kuti muli bwanji, kaya ndisafunse. Kalata yako ya Febuluwale ndi ya alamu zafika tsiku limodzi. Ndinawerengera kuseri kwa sitolo, ndipo anzanga anandipeza ndikulira ngati mwana.

Ndikhululukire chifukwa cha kalata ija ya Disembala. Ndinalemba ngati chitsiru. Unandiuza zoona, ine n'kumva za Khisimisi yanga.

Koma ine sindikukhulupirira. Munthu wobweza nyama mwana wake akudwala sangakatchere msampha patangopita masabata awiri. Amenewo ndi adani ake, afukula waya uja, atchera okha, n'kudzamuikira pakhonde. Iye wavomera chifukwa watopa ndi moyo, ndikumudziwa. Manje tamvera. Lisiti ya wayayo ndili nayo, dzina langa lilipo. Ndapempha tchuthi. Ndibwera ndidzaime kukhoti ndinene kuti waya ndinatumiza ndine, mwaumbuli wanga, ndipo afufuzenso bwinobwino amene anatchera. Afunse mudzi wonse mmodzimmodzi, ayambire kwa amayi Damaris. Undiuze tsiku la mlandu msanga.

Ndapatsa a Robson thumba la ufa, kapenta, soya ndi shuga. Alamu ako ndiwo alongedza, aikamonso madiresi a ana.

Mkulu wako,
Cyprian


Chifunda, 19 Epulo 2023

Akulu anga a Cyprian,

Moni. Katundu tinalandira, Mulungu akudalitseni inu ndi alamu anga. Jenny wayamba kudya bwino, mapazi aphwa. Kalata iyi ndawauza a Robson kuti akupatseni m'manja, ndipo mukawerenga muiotche, ngakhale alamu anga asaione.

Musabwere. Mlandu unatha pa 11, awapatsa zaka zitatu, ndipo apita nawo kundende ya ku Lundazi. Tsiku ndinkalidziwa, ndinachita dala osakuuzani. Mukanabwera ndi lisiti yanu n'kuyamba kuti afufuzenso, mukanagwetsa nyumba yonse. Palibe mdani amene anafukula waya uja. Ndinafukula ndine.

Linali tsiku limene atate ake Irene anapita kutsidya kukafuna ganyu wa mpunga, ulendo wa masiku atatu. M'mawa umenewo Jenny anakana ngakhale madzi. Ndinatenga khasu, ndinadula waya ndi nkhwangwa pamwala. Kupinda kwake palibe anandiphunzitsa. Zaka zonse zija iwo ankabwera ndi milu ya misampha yolanda n'kumaimasula pabwalo, ine ndikusenda mtedza pambali, maso ali pomwepo. Ndinatchera inayi panjira ya nswala kumtsinje, kuseri kwa munda wathu. Tsiku lachiwiri ndinapeza yakodwa, yaikazi. Ndinaisendera pomwepo, matumbo n'kutaya patchire, nyama n'kubwera nayo mumtanga nditaphimba nkhwani. Ana ndinawauza kuti ndi mbuzi ya kumpingo. Jenny anadya, akulu, anadya mpaka kugona chidutswa chili m'manja.

Iwo anafika tsiku lotsatira masana. Fungo analimvera kunjira. Analowa, anayang'ana mumphika, anayang'ana mwana, n'kukhala pansi. Ndinadikira kuti andimenye, ndinkafuna andimenye. Anangofunsa kuti, "Matumbo unakwirira?" Ndinati ayi. Anatuluka n'kuyang'ana kumwamba, ndipo miimba inali ikuzungulira kale kumtsinje. Anati, "Meshack waiona imeneyo. Mawa m'mawa ali pano." Ndinati ndiye tiyeni tikafufute mapazi, titaye nyama. Anapukusa mutu. Akuti mapazi a m'matope safufutika ndi tsache, ndipo waya uja msika wonse unamuona.

Anavala jombo zawo za kuntchito n'kupita okha. Anakhalitsa, ulendo woti munthu amapita n'kubwera madzi asanawire. Anabwera ndi misampha itatu yotsala n'kuiika pakhonde poyera. Akuti sangagone misampha ili m'thengo. Ine ndinaganiza kuti kukhalitsako ankalira.

M'mawa a Meshack anafikadi ndi anzawo awiri, akutsata mapazi kuchokera kumtsinje. Anaima pabwalo nthawi yaitali akuyang'ana pansi. Kenaka anati, "A Ackim, zaka khumi ndayenda pambuyo panu. Munayamba liti kuponda pafupipafupi chonchi?" Iwo anayankha kuti, "Njala, Meshack. Imafupikitsa miyendo." A Meshack anandiyang'ana ine kamodzi kokha, n'kutsitsa maso, n'kutulutsa unyolo.

Atapita nawo ndinatsata njira ija. Kuyambira pakhomo mpaka kumtsinje, kupita ndi kubwera, panalibe phazi langa ngakhale limodzi. Paliponse pamene ndinaponda, iwo anapondapo ndi jombo, limodzilimodzi, ngakhale pamene ndinaterereka ndi mtanga. Munthu wamtali uja anayenda mayendedwe anga njira yonse. Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira mpaka mawu kutha.

Ndinawaona ku boma asanawatenge. Ndinati ndikaulula. Anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunena kuti, "Ukatero atitsekera tonse, iwe wotchera, ine wonama. Ana atsala ndi ndani?" Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale anawo, kuti asakule akuopa kuti amayi awonso atengedwa. Lumbirolo ndaliphwanya kwa inu nokha, kuti musabwere.

Kumudzi kuno manje akutilonjera bwino. Obetcha aja apambana. Akuti a Ackim anali fisi wovala yunifomu, ankagwira anzawo kuti nyama itsalire iwo. Ndimamva pamjigo, ndimatunga madzi anga n'kumapita. Chaka chamawa kaya tidzalima chiyani, tsabola uja anaumira kudimba, ndipo ine mphamvu zoyambanso china ndilibe.

Irene ndiye wandithetsa nzeru. Anzake akumuseka kusukulu, ndipo wang'amba dzina la atate ake pachikuto cha makope onse. Ndinamuuza kuti tikapeza ya basi tidzapite ku Lundazi tikawaone, anakana. Akuti munthu amene anamukwapula chifukwa cha kamsampha ka njiwa, pomwe iye ankatchera nswala, alibe naye mawu. Dzulo tikutsuka mbale anandifunsa kuti, "Amama, pophika paja inu munkadziwa kuti si mbuzi?"

Ndinamuyang'ana mwana wanga m'maso, akulu, ndipo ndinati ayi, inenso atate ako anandinamiza.

Tamala